Njere Zisanu ndi Zinayi za Kalongonda wa Amayi

Ana inu, zidzukulu zanga za ku Limbe, za ku Lilongwe, ndi inu awiri amene muli ku Joni, ndasankha kulemba chifukwa pakamwa panga panandichititsa manyazi tsiku lija tinasonkhana kuno ku Nsabwe kudzavundukula chiliza cha amayi anga. Tsiku limenelo ndinayenera kukuuzani za munthu amene dzina lake munalilembetsa pamwalapo. M'malo mwake munandimva ndikukalipa kuseri kwa nyumba, ndipo mmodzi wa inu anachoka akulira, osatsanzika. Kuyambira pamenepo Tiyamike, mwana wa Egenesi wanga, sayankha foni yanga. Sindikumuimba mlandu. Werengani mpaka kumapeto, ngakhale ndikudziwa kuti masiku ano mumawerenga ndi chala, mukukankha mawu pagalasi asanakulowereni m'mutu. Ndikufuna mudziwe chimene chinali m'nkhali muja.

Chiliza munamanga chabwino, ndisaname. Munalembapo kuti Aida, dzina limene ine mwana wawo woyamba sindinamvepo munthu akuwaitana nalo. Pa esiteti yonse ya tiyi ankadziwika kuti Amake Rute, ndipo Rute ndine.

Tinkakhala m'malaini, m'nyumba za antchito zomangidwa mondondozana, chipinda chimodzi banja limodzi. Bambo anga ankadulira tiyi. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ananyamuka kupita ku migodi ya ku Joni. Analemba makalata awiri, kenako zii. Lamulo la esiteti linali lakuti nyumba ndi ya munthu wogwira ntchito, choncho m'mawa wina kunabwera kapitawo, ndodo ili m'khwapa.

"Amake Rute, amuna anu kulibe. Nyumbayi ikufunika. Mutuluka liti?"

Amayi anali ndi khanda kumsana, mng'ono wanga Joyisi. Anagwada monga mwa ulemu, koma mawu awo sanagwade.

"Akapitawo, kodi tiyi amafunsa kuti dzanja lomuthyola ndi la mwamuna? Ndipatseni dengu."

Anawapatsa. Analisenza zaka makumi awiri ndi mphambu.

Inu tiyi mumamudziwa m'timatumba tachingwe timene mumaviika m'kapu. Amayi ankati iwo tiyi amamudziwa ndi zala, osati ndi lilime. Ankalowa m'munda lipenga la fakitale likangolira, atazimangirira chiguduli m'chiuno kuti nthambi zisawang'ambe, mapazi ali pansi. Masamba awiri ndi kamphukira, masamba awiri ndi kamphukira, kuponya kumbuyo osacheuka. Khanda ankalibereka kutsogolo chifukwa msana unali wa dengu. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya mvula, ndiye kuti miyezi imene inu mumathawira m'nyumba ndi imene iwo ankavumbidwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ikafika nyengo ya chiperoni, nkhungu ija yozizira yophimba zitunda, zala zawo zinkang'ambika ming'alu yakuda imene sinkapola mpaka dzinja lina. Dzanja lawo likandigwira pamphumi kuti amve ngati ndatentha thupi, linkakanda ngati khungwa la mtengo. Mpaka lero sindinakhudzidwepo ndi dzanja lina lofatsa kuposa limenelo.

Kuseri kwa malaini kunali kamalo kotsetsereka, m'mphepete mwa khwawa, kumene esiteti sinabzale tiyi chifukwa cha miyala. Pamenepo amayi ankalima mizere ingapo ya chimanga, ndipo pakati pa chimangacho ankabzala kalongonda. Ambiri a inu simumudziwa, ndipo vuto ndi langa. Ndi nyemba zikuluzikulu zoyanga, zimene zimakwera mapesi n'kubereka chimanga chitakololedwa kale, nthawi imene zina zonse zauma. Wathu anali wamawangamawanga, wakuda ndi wotuwa ngati nthenga za nkhanga. Mbewu yake anabwera nayo ndi agogo anga kuchokera kutsidya kwa Ruo, itamangidwa pamfundo ya nsalu, pamene ankathawa nkhanza za kumeneko. Amayi ankaisunga m'nsupa, yosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asaiboole.

Kalongonda salola changu. Ali ndi ululu umene umachoka ndi madzi basi. Umamuwiritsa, n'kutaya madzi. Madzi oyambawo amatuluka akuda ngati inki, ndipo ngakhale nkhuku sitinkazilola kuyandikira pamene tawataya. Umasenda makoko, kuthira madzi ena, kuwiritsanso, kutayanso, kubwerezabwereza kuyambira tambala woyamba mpaka dzuwa litapendeka, kufikira madzi atayera. Chonyenga chake n'chakuti amafewa msanga ululu usanathe. Munthu wanjala akamutsina ndi chala amaganiza kuti wapsa.

Munthu wothyola tiyi anali ndi tsiku limodzi lokha lokhala pakhomo, Lamulungu. Choncho m'miyezi yosowa chakudya amayi ankajomba kutchalitchi, n'kukhala pambali pa nkhali tsiku lonse. Mkulu wina wa mpingo anabwera kudzawadzudzula.

"Mayi, mpando wanu wayamba kumera bowa. Mulungu mwamusinthanitsa ndi nyemba?"

"Abambo, khalani apo mudikire zipse. Mukaona amene akubwera kudzadya, mukandinenere nokha kwa Mulunguyo."

Madzulo ana a laini yonse ankabwera ndi timbale tawo, ena ndi masamba a nthochi chabe. Nthochi zinali mbwee masiku amenewo, zisanathe ndi matenda. Inu mukumva kuti Thyolo kunali nthochi ngati nthano. Amayi sankafunsa kuti uyu ndi mwana wa yani. Mkulu wa mpingo uja anadya nawo, anapemphanso kachiwiri, ndipo sanabwerenso ndi nkhani ya mpando. Aliyense wopempha mbewu ankamupatsa yodzaza dzanja. Ndikadandaula kuti nsupa ikupepuka ankati, "Mbewu imakhala mwa anthu, Rute. Nsupa ndi pogonera chabe."

Tsopano ndifike pa chimene sindinauzepo ngakhale amayi anu, ana anga obereka ndekha.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri mvula inadula chimanga chisanamasule. Njala inakula pofika mwezi wa February. Amayi ankalandira phala masana kuntchito; sankamwa, ankalithira m'kachitini n'kubwera nalo kwa ife ana anayi. Ine ndinkasiyidwa pakhomo kulera alongo anga awiri ndi Joyisi, amene anali ndi zaka zitatu. Tsiku lina Lachinayi Joyisi anayamba kulira kuyambira m'mawa. Sankakuwa, mphamvu zokuwira analibe. Ankangondikoka nsalu n'kumati, "Achemwali, njala. Achemwali, njala."

M'lichero munali kalongonda amene amayi anasungira Lamulungu. Ndinali nditawaonerera akuphika kambirimbiri. Ndinakapala moto kwa anansi, ndinateleka, ndinataya madzi akuda aja kamodzi, ndinathira ena. Dzuwa lili pamutu ndinatsina njere imodzi, inafewa. Ndinawagawira atatuwo. Ine sindinadye, ndinkafuna kuti iwo akhute. Ndinkadziona ngati ndachita chinthu chabwino.

Amayi pobwera anapeza anyamata awiri akudzandira ngati oledzera, akusanza. Anyamatawo anachira m'mawa mwake. Joyisi thupi lake linali lofooka kale. Amayi anamubereka mpaka kuchipatala cha pa esiteti, koma tsiku lachitatu anamwalira.

Pamaliro ndinkamva manong'onong'o. Ndikadutsa, azimayi ankasiya kulankhula. Titachoka kumanda mayi wina wachikulire ananena mokweza kuti mwana wamkulu ngati ine sakanayenera kuchita zopusa zotere, ndipo kuti chomera chimenecho chizulidwe chisanaphe wina. Amayi anaimirira, maso ali gwa, n'kunena mawu amene ndawasenza zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.

"Mwana wanga wafa ndi njala. Amene akufuna kuzenga mlandu akazenge njalayo. Uyu anaphika chifukwa mng'ono wake ankalira. Ine mayi wawo ndinali kuti? Ndinali m'tiyi. Amene ali ndi mawu pa Rute abwere nawo kwa ine."

Palibe anabwera.

Lamulungu lotsatira amayi anandidzutsa m'mamawa. "Dzuka, kasonkhe moto." Nditaona lichero la kalongonda ndinabwerera m'mbuyo.

"Amayi, sindingathe. Ndikupemphani, china chilichonse, koma ichi ayi."

"Ukaithawa nkhali iyi lero, udzaithawa moyo wako wonse. Ndipo tsiku lina mwana wako adzalira njala, iwe uli ndi chakudya m'nyumba chimene ukuchiopa. Teleka."

Tsiku lonse sanakhudze chipande. Anakhala pamphasa, manja ali pamiyendo, n'kumangoti, "Taya. Thira ena. Onanso madziwo, ayera? Sanayere. Taya." Mikono inandipweteka, utsi unanditupitsa maso. Dzuwa litapendeka anati nditape. Anatambasula dzanja lawo long'ambika lija, ine ndinaikamo njere, iwo anadya ndikuona. Kenako anatuluka pabwalo n'kuitana ana a laini monga mwa nthawi zonse, koma anawonjezera kuti, "Waphika ndi Rute."

Zitseko zinali chete. Ndinkaona azimayi akugwira ana awo pamapewa. Patapita nthawi mnansi wathu Amake Felesiya, amene ankathyola tiyi mzere woyandikana ndi amayi, anakankha mwana wawo wamkazi kuti apite. Felesiya anabwera ndi kambale kake, ananditambasulira. Ena anatsatira.

Amayi sanaitchulenso nkhaniyo kwa ine mpaka imfa yawo. Sindinawaonepo akulira Joyisi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti anali ndi mtima wamwala. Ndi dengu lomwelo ananditumiza ku sekondale pamene atsikana anzanga ankakwatiwa, ankandiperekeza wapansi mpaka ku Luchenza kokakwera sitima, sutikesi yachitsulo ili pamutu pawo. Ndinakhala mphunzitsi. Ana anga anaphunzira chifukwa ine ndinaphunzira, ndipo inu zidzukulu, amuna anga a ku Joni amene mumanditumizira zithunzi mutavala majekete achikopa, dziwani kuti majeketewo anayambira pachiguduli chija. Msana utakana dengu, anabwerera kuno kwa mbumba yawo. Ali pafupi kutisiya anaitanitsa nsupa ija. Apongozi awo aakazi analipo, alongo anga analipo, koma anaiika m'manja mwanga. "Iwe ndiwe ukudziwa kulemera kwake," anatero.

Ndinabzala chaka ndi chaka. Koma sindinachite monga iwo ankachitira. Ndinkaphika ndekha, ana anga ndinkawathamangitsa kuti asayandikire nkhali, ndinkati kawerengeni. Sindinaphunzitse ndi mmodzi yemwe. Ndinkati ndikuwateteza. Zaka ziwiri zapitazi mawondo anga anakana munda, sindinabzale. Nsupa nayo inang'ambika, ndipo mbewu yonse yotsala ndinaikhuthulira m'kandowa kapulasitiki, n'kukaika pashelefu pamodzi ndi mchere ndi nandolo. Ndani akanadziwa kuti si ndiwo?

Tsiku la chiliza anthu anachuluka kuposa mmene tinkayembekezera. Tiyamike, amene anatsala pakhomo ndi azimayi ophika, anaona m'mamawa kuti ndiwo zichepa. Anafufuza pashelefu, anapeza kandowa kaja, anateleka. Ife tinachedwa kumanda ndi nyimbo ndi zolankhula. Ndikulowa pabwalo, fungo linandipeza ndisanaone nkhali. Ndinazungulira kuseri ndi ndodo yanga. Tiyamike anali atakhala pachitsa, mwana wake wa zaka ziwiri ali pamiyendo, akuuzira sipuni kuti izizire.

"Agogo, mwabwera! Ndapeza nyemba zanu zikuluzikulu zija. Zafewa bwino, ndathiramo tomato ndi anyezi. Msuzi wake ndi wakuda, koma ndiyesa ndi mtundu wake."

Sipuni inali itatsala pang'ono kufika pamilomo ya mwana. Ndinaimenya ndi ndodo. Zimenezo sindikudandaula nazo, ndikanachitanso lero. Koma sindinalekere pomwepo. Pamaso pa apongozi ake, pamaso pa azimayi a mpingo, ndinakuwa kuti, "Mfiti iwe! Ukufuna kutiphera mwana? Sukulu yonse ija sunaphunzire kufunsa?" Ndinagubuduza nkhali ndi phazi. Mbewu ya agogo anga, imene inawoloka Ruo pamfundo ya nsalu, inamwazika m'fumbi pamodzi ndi tomato.

Palibe anadya, palibe anafa. Ine amene ndinaika mng'ono wanga m'manda sindinamve liwu limodzi lowawa kuchokera kwa amayi anga. Mdzukulu wanga amene sanavulaze aliyense, amene ankangofuna kuti alendo asachoke ndi njala, ndinamutcha mfiti pa tsiku lolemekeza amayi omwewo. Munamanga chiliza cha simenti m'mawa. Ine ndinagumula china madzulo ake.

Mutabalalika nonse ndinakumbukira mawu aja, akuti mbewu imakhala mwa anthu. Ndinayamba kuifunafuna. Ndinakwera minibasi kupita ku esiteti kuja. Malaini athu anagwetsedwa kalekale, pamalopo pali bulugamu wowotchera tiyi kufakitale. Kamunda ka m'khwawa kanakokoloka, patsala miyala yokha. Manda a Joyisi sindinathe kuwaloza. Ndinaima pakati pa mitengo, sindinkadziwa koyang'ana. Mayina amene ndinkafunsa, achinyamata othyola tiyi ankapukusa mitu. Pamsika wa Luchenza ndinapeza mtsikana akugulitsa kalongonda wophikaphika, koma woyera, wamtundu wina. Nditamufotokozera wamawangamawanga anati, "Agogo, ameneyo ndinangomva kwa agogo anga." Anthu onse amene amayi anawapatsa mbewu yodzaza dzanja, ena ali m'manda, ena ana awo anagulitsa minda n'kupita m'tauni. Ulendo uliwonse ndinkabwerera ndi mawondo otupa, manja ali lendee.

Pomaliza munthu wina anandiuza kuti Felesiya adakali moyo, akukhala cha ku Goliati. Ndinamupeza atakhala pakhonde, maso atachita khungu. Anandizindikira ndi mawu.

"Rute wa Amake Rute? Iwe sunafe? Ine ndimati ndatsala ndekha wolondera dziko."

"Ndikanafa ndikanakutumizira uthenga, mwali. Kodi mbewu ija imene amayi anapatsa amayi ako ilipo?"

Felesiya anatuma mpongozi wake kuti akatenge kansalu kamene kanali pansi pa sutikesi. Anamasula mfundo ndi mano. Munali njere zisanu ndi zinayi.

"Zatha zaka zitatu ndisanabzale. Ana akuti ndi chakudya cha amphawi, chimatha nkhuni. Sindikulonjeza kuti zimera. Tenga zonse, ine kwanga kwatha."

Nditaweramira njerezo misozi inagwa, ndipo ndinamuuza zimene ndinachitira Tiyamike. Ndinati amayi anali olimba, ine sindinatengere. Iwo sanalire ngakhale mwana wawo.

"Sanalire?" anatero Felesiya. "Amayi anga ankathyola nawo mzere woyandikana. Ankati chaka chathunthu mayi ako ankalira m'tiyi, akuitana Joyisi, manja akugwira ntchito osaima. Mvula inkawabisa. Poweruka ankatsikira kukhwawa kukasamba m'maso, n'kufunsa amayi anga kuti, ‘Maso anga ayera? Rute asaone.’ Tsiku ndi tsiku. Anawalumbiritsa amayi anga kuti usadzamve."

Ndamva ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu, mwini wake atagona kale pansi pa simenti. Sindingawathokoze, sindingawapepese. Ankataya madzi akudawo okha kukhwawa, mobwerezabwereza, kuti ine ndilandire zoyera zokhazokha. Ine madzi anga oyamba ndinawakhuthulira pamutu pa mdzukulu wanga.

Ana inu, sindikudzinamiza. Ndikudziwa kuti palibe mmodzi wa inu amene adzabwerere kudzakhala ku Nsabwe, ndipo ndamva kale zimene amalume anu akukambirana zokhudza munda uno ndikadzapita. Chilomwe chimene amayi ankalankhula popemphera chinathera pa ine. Nyimbo zawo za m'tiyi ndaiwala theka. Zimene zatsala za Amake Rute, kupatula dzina lachilendo lili pamwala lija, zili m'kambale kachitsulo pawindo langa, ndipo ndikhoza kuziphimba ndi dzanja limodzi.

Tiyamike, mdzukulu wanga, mkazi mnzanga, tsopano ndikulankhula ndi iwe. Ndinalakwa. Si iwe mfiti, ndiwe mwana amene anaona mphika wochepa ndi anthu ambiri, n'kufuna kudyetsa onse. M'mbumba yonseyi ndiwe amene unatengera Amake Rute, ndipo ine ndinakulipira ndi ndodo. Ndinapepesa kale kwa apongozi ako kudzera mwa amayi ako. Kwa iwe ndikufuna kupepesa maso ndi maso.

Mvula yobzalira inagwa Lachiwiri. Dzulo ndinakwawa ndi mawondo pafupi ndi mpanda, pamene pali poyanga, ndinakumba mapando asanu ndi anayi ndi kakhasu ka amayi. Sindinaikemo kanthu. Mbewu imeneyi yapita kuchokera m'dzanja kulowa m'dzanja, ndipo ndikaibzala ndekha idzabereka m'nyumba mopanda woidziwa kuphika, n'kudzapha mwana wa wina. Kuli bwino ithere pawindo. Ukabwera ubzala ndiwe. Zikamera n'kubereka, ndipo ngati ndidzakhala ndilipo, ndidzakhala pamphasa tsiku lonse manja ali pamiyendo, iwe udzataya madzi mpaka atayera, ndipo woyamba kudya kuchokera m'dzanja lako ndidzakhala ine.

Nthaka isunga chinyezi masabata awiri, mwina atatu. Mwina njerezo zinafa kale m'kati, mwinanso kalatayi suiwerenga. M'mawa uno ndapeza nkhuku zitakwirira mapando awiri. Ndawafukulanso.